Lenzi Yanga Yaitali ndi Nkhope ya Amayi

Amayi anga ankakana kujambulidwa. Ine mwana wawo ndakhala wojambula zithunzi kuyambira zaka zimene tinayamba kuvotera zipani zambiri. Ndajambula maukwati kuchokera ku Namitete mpaka ku Kabudula, ana obatizidwa, aphunzitsi opuma ntchito, matenanti a m'maesiteti a fodya atagwira njinga zobwereka, ngakhale ng'ombe ya munthu wina ku Nsaru ndinaijambulapo itavekedwa belu. Koma amayi ondibala, ayi ndithu. Ndikangotulutsa kamera m'chikwama, iwo ankadziphimba kumaso ndi chitenje n'kulowa m'nyumba.

"Iwe, ukufuna chokanyamula pamaliro anga eti?" ankakuwa ali m'katimo. "Sindinafe ine. Kajambule atsikana uko."

Anali ndi chifukwa chawo. Kwathu kuno munthu wamkulu akamwalira, chithunzi chake chimatsogola bokosi, wachibale atachinyamula pachifuwa. Amayi anali ataimba pamaliro ambiri ndi amayi anzawo a mpingo, ndipo anali atatsimikiza mumtima kuti ana akayamba kufuna chithunzi cha kholo lawo, ndiye kuti ayamba kuliwerengera masiku. Ungawauze zotani, sankamva.

Bambo anali osiyana nawo kwambiri. Anali mphunzitsi wopuma komanso mkulu wa mpingo, ndipo kujambulidwa ankakukonda koopsa. Khoma la pabalaza linadzaza ndi iwo okhaokha: ali ndi ana a sukulu, ali ndi kwaya, ali pambali pa chigafa cha fodya. Paukwati wawo panalibe wojambula, choncho chithunzi cha iwo ndi amayi kunalibe n'chimodzi chomwe. Nthawi ndi nthawi ankandikokera pambali n'kunong'ona kuti, "Tsiku lina udzawanyengerere mayi akowa. Taona khomali, ndili ndekhandekha ngati sindinakwatirepo." Ine ndinkavomera, n'kumadziuza kuti nthawi ilipo.

Wina angafunse kuti bwanji sindinangowabera chithunzi asakudziwa. Amene angafunse choncho sadziwa ntchito yathu mmene inkakhalira. Masiku a filimu munthu ankajambulidwa atakonzeka: asambe, adzole mafuta, avale nsapato, aime mowongoka. Kujambula munthu wamkulu asanakonzeke unali mwano, chimodzimodzi kumulowera m'nyumba osaodira. Ndipo lamulo lalikulu linali lakuti munthu atuluke yense, kuyambira chipewa mpaka nsapato, ndi kumene waimako kuoneke. Ukangolakwitsa pang'ono, mwini wake ankakubwezera chithunzicho n'kunena kuti, "Mwandidula miyendo, sindichitenga."

Ha, koma masiku amenewo ndimawasowa. Ndinkapalasa njinga m'misewu yafumbi, kamera ili pakhosi, ana a m'midzi akukuwa kuti ajambuli afika. Filimu ikadzaza ndinkakwera minibasi ya kutauni kukatsukitsa, mtima uli m'mwamba, poti sunkadziwa ngati zatuluka bwino kapena zapsa. Tsiku la msika pa Nsaru ndinkayala envelopu pachishalo cha njinga, anthu n'kuunjikana. Munthu ankalandira chithunzi chake ndi manja awiri, atayamba wapukuta zikhato pachovala, n'kuchigwira m'mphepete mokha. Matenanti ochokera kum'mwera ankachiika m'kalata n'kutumiza kwawo kuti abale aone kuti ali moyo ndipo anenepa. Ntchito inali yolemekezeka, ndipo ine ndinkayenda mapewa ali m'mwamba.

Kenako kunabwera makamera opanda filimu, aja ungojambula n'kuona pomwepo pakagalasi ka kumbuyo. Apa m'pamene alamu anga analowa m'nkhani. Amenewa ndi amuna a mlongo wanga wamng'ono, ndipo ankakhala pachikamwini pamudzi pa amayi pomwepo, nyumba yawo kuseri kwa khola la mbuzi. Kujambula anayamba poonera ine, ngakhale mpaka lero amakana. Mchimwene wawo wa ku Joni anawabweretsera kamera yamtundu uja wosinthasintha malenzi, ndipo kwa miyezi ingapo sitinapume nawo. Ine, munthu wamakani kuyambira ubwana, ndinati sizingatheke. Fodya atayenda bwino chaka chotsatira, ndinakwera minibasi n'kukatenga yanga kutauni.

Wogulitsayo anandifotokozera kuti chithunzi cha makamera amenewa chimapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndipo timadonthoto tikachuluka, chithunzi umatha kuchikulitsa kwambiri osaphwanyika. Ndinafunsa funso limodzi lokha: yoposa ya alamu anga ndi iti? Anandipatsa yokhala ndi timadontho tochuluka kuposa yawo, ndi kalenzi kakafupi kamene kamabwera limodzi ndi kamera. Kenako anatulutsa lenzi ina, yaitali, yolemera ngati botolo lodzaza, n'kundiuza kuti ndiyang'aniremo mayi wina amene ankadutsa panja. Abale inu! Nkhope ya mayiyo inabwera pafupi, yowala, tsitsi lililonse likuoneka, ndipo zonse za kumbuyo kwake, magalimoto, mashopu, anthu, zinasungunuka n'kusanduka nkhungu yokongola. Ndinatuluka m'shopumo nditanyamula zonse ziwiri.

Kuyambira pamenepo, paliponse pamene ine ndi alamu takumana, nkhani inali makamera. Mlongo wanga ankangoti akationa tikuyandikana, n'kunyamula ndowa kupita kumjigo.

"Alamu," ndinkatero ine, "kalenzi kanuko kamapinda anthu a m'mphepete. Mayi uja wa kwaya anatuluka mutu ngati dzungu."

"Nanga yanuyo, alamu?" iwo ankabweza. "Paukwati wa ku Mpingu munabwerera cham'mbuyo mpaka kugwera m'mizere ya mbatata, akwati osakwanabe m'chithunzi. Kodi mumajambula anthu kapena mumasaka mbalame?"

Kunena zoona, aliyense anali ndi mbali yake. Lenzi yanga inkalola kuwala kwambiri, moti m'tchalitchi cha mawindo ang'onoang'ono zithunzi zanga zinkatuluka zoyera pamene zawo zinkachita mdima. Yawo inkaona ponseponse, kwaya yonse n'kukwanamo iwo ataima pafupi, pamene ine ndinkagunda khoma ndi msana ndisanakwanitse anthu asanu. Kamera yawo inali yopepuka, yanga inkandipweteka khosi ndikafika madzulo. Yanga inkaonetsa chilichonse, mwina mopitirira, mpaka mkwatibwi wina anandikalipira kuti ndamutulutsa ziphuphu zimene iye mwini sankazidziwa. Zonsezi ndikuzivomera lero. Nthawi imeneyo sindinkavomera kanthu.

Loweruka lina m'nyengo yozizira, anthu atamaliza kukolola, tinagwirizana kuti mkangano uthe. Aliyense ajambule bambo pamalo amodzi, nthawi imodzi, zithunzi tikatsukitse malo amodzi, ndipo bambo omwewo aweruze, poti milandu ya kumpingo anazolowera kuweruza. Bambo anakondwa kwabasi. Anavala jekete lawo lakuda ndi tayi, nsapato anapukuta mpaka kung'anima, n'kukhala pampando kutsogolo kwa nyumba, buku la nyimbo lili pabondo lina, chipewa pabondo linalo. Amayi atangoona makamera awiri anati, "Lero ndiye mwabwera awiri, mwapangana eti?" Ananyamula lichero lawo la mtedza n'kukakhala kutali, pafupi ndi nkhokwe, atamanga duku loyera.

Alamu anaima masitepe ochepa kuchokera pa bambo, anajambula kawiri, basi anamaliza. Ine ndinabwerera mpaka pamtengo wa mango, ndinagwada bondo limodzi, n'kuyamba kupotokola lenzi yanga pang'onopang'ono kuti onse aone kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. M'galasimo nkhope ya bambo inadzaza, makwinya onse, imvi zonse. Kuseri kwa phewa lawo kunali kanthu koyera kosaoneka bwino, ndipo ndinasangalala kuona mmene lenzi yanga yakasungunulira. Ndinasendera pambali pang'ono kuti kasasokoneze chithunzi, kenako ndinajambula.

Patapita sabata tinabwera nazo, zonse zazikulu mofanana, n'kuziyala patebulo la pabalaza. Amayi anali pakhomo akusesa, makutu ali kuno. Bambo anavala magalasi n'kuyamba ndi changa. Anachiyang'ana, anachitalikitsa, anachiyandikitsanso.

"Uyu ndine, sindikukana," anatero. "Koma ndili kuti? Miyendo yanga ili kuti? Nsapato zija ndinapukutira chiyani? Nanga kumbuyoku ndi utsi? Nyumba ikupsa kodi?"

Alamu anatsokomola, kuseka kukuwavuta kubisa. Bambo anatenga chawo. Anatulukamo onse, chipewa cha pabondo lina, nsapato, mpando, khonde, chitseko, denga la malata, mpaka nkhuku imene inkadutsa. Anachiyang'ana nthawi yaitali kuposa changa. Kenako anati, "Ichi ndiye chithunzi. Ichi chipite pakhoma."

Mutu unanditentha. Ndinati bambo sadziwa zithunzi, akukhalabe m'masiku a filimu. Ndinati kamera ya alamu ndi yojambulira ng'ombe pamsika, ndipo iwo akanakhala kuti sanakwatire kwathu sakanadziwa n'komwe kogwira kamera. Mawu amenewa ndimachita nawo manyazi mpaka lero. Amayi anaimitsa tsache n'kunena kuti, "Iwe, wakalamba ndi makani omwe. Khala udye." Sindinakhale. Ndinakwera njinga yamoto n'kubwerera kunyumba kwanga ku Namitete ndi njala yanga.

Miyezi yotsatira kumudzi ndinkapitako mwa apo ndi apo, ndipo ndikalowa pabalaza ndinkakhala chofulatira khoma lija. Ine ndi alamu tikakumana paukwati, moni wake unali wa pakamwa pokha, aliyense n'kukaima mbali yake ya tchalitchi.

Amayi anamwalira m'nyengo ya mvula ya chaka chomwecho, chimanga chitafika m'mawondo. Anadwala masiku ochepa chabe. Tsiku loika, amayi a mpingo atavala zoyera anatsogola ndi nyimbo, amuna ananyamula bokosi, koma kutsogolo kwa bokosi kunalibe wonyamula chithunzi. Ndinamva mayi wina kumbuyo kwanga akunong'oneza mnzake kuti, "Komatu mwana wawo ndi wojambula." Sindinatembenuke. Kamera ndinali nditaisiya kunyumba, ndipo ndinayenda manja ali lendelende mpaka kumanda.

Patatha milungu ingapo bambo anandiitanitsa. Ndinawapeza pakhonde atawonda, jekete likuwakulira. Tinakambirana za mvula ndi za mbozi m'chimanga.

"Mawu a mayi ako ndikuwamvabe," anatero pomaliza. "Ngakhale kutsokomola kwawo ndikukumva. Koma nkhope yayamba kundithawa. Ndikatseka maso ndikuona duku lokha. Kafufuze m'zinthu zakozo, mwina penapake unawagwirako."

Ndinafufuza, abale. Ndinatsitsa makatoni a mafilimu akale, n'kumayang'ana imodziimodzi padzuwa, ya ubatizo wa ana a mlongo wanga, ya ukwati wa msuweni wathu, iliyonse imene ndinajambula pamudzi pathu. Pena ndinkapeza chigongono chawo, pena msana akulowa m'nyumba. Pakompyuta ya m'kashopu kanga ndinatsegula chithunzi cha bambo chija, n'kupita pa kanthu koyera kuseri kwa phewa. Ndinakulitsa, ndinakulitsanso. Timadontho tinalipo tambirimbiri monga anandilonjezera wogulitsa uja, koma tonse tinali ta nkhungu. Lenzi yanga inagwira ntchito imene ndinaigulira. Amayi anga ndinawasungunula ndekha, ndipo ndinachita kusendera pambali kuti asasokoneze. Ndinalira pamenepo, ndekha, makasitomala akugogoda pachitseko.

Ndinapita kumudzi kukawauza bambo kuti ndalephera. Ndinawapeza atapita kumunda, ndiye ndinalowa pabalaza kuwadikira. Mpando umene ndinkakonda kukhalapo unali panja, choncho ndinakhala wina, woyang'ana khoma. Chithunzi cha alamu chinali patsogolo panga, ndipo kanali koyamba kuchiyang'ana popanda mkwiyo. Bambo, nsapato, khonde, nkhuku. Kumphepete chakumanzere kunali nkhokwe, ndipo pansi pa nkhokwepo panali kamunthu kakang'ono ngati njere ya nyemba, ka duku loyera. Ndinadzuka n'kuyandikira mpaka mphuno kugunda galasi. Papepala nkhope sinkaoneka, koma sanali nkhungu. Lenzi yaifupi ija sinasungunule kanthu.

Vuto linali limodzi. Kuti munthu akulitse kanthu kakang'ono choncho, pamafunika chithunzi chenicheni cha m'kakhadi ka m'kamera, ndipo ife ojambula tikatsukitsa timafufuta kakhadi kuti tijambulirenso ukwati wina. Panali patapita miyezi yambiri. Komanso mwini kakhadiko ndinali nditamunyoza pamaso pa apongozi ake. Kuchokera pakhonde la bambo kufika pakhomo la alamu ndi pafupi kwambiri, mbuzi ikalira uku uko amva, koma ndinazungulira khola lija kawiri ndisanaodire.

"Odi, alamu."

Anatuluka akupukuta m'manja. Ndinayamba ndi kupepesa. Iwo anangoti, "Zinatha zimenezo, alamu, nenani chimene mwabwerera." Nditafotokoza, analowa m'nyumba. Ndinamva akusuntha sutikesi. Anatuluka ndi kachitini kakale ka mafuta odzola, ndipo m'katimo munali kakhadi kokulunga m'kapepala.

"Aka sindinakafufute," anatero. "Ndinapambana nako mlandu. Ndinkasunga kuti ndizikusekerani nako mpaka tidzakalambe."

Tinakwera njinga yamoto awiri, iwo kumbuyo, mpaka ku Namitete, osawauza bambo kanthu kuopa kuwapatsa chiyembekezo chachabe. Magetsi anali atazima, ndiye tinakhala pabenchi panja pa shopu mpaka masana, tikudya chimanga chootcha, osakamba za makamera. Atayaka, ndinalowetsa kakhadi m'kompyuta. Chithunzi chinatseguka. Ndinayamba kusendera kumanzere, kudutsa phewa la bambo, kudutsa chitseko, kudutsa nkhuku, mpaka pankhokwe. Ndinakulitsa kamodzi, lichero linaoneka lili pamiyendo. Ndinakulitsa kachiwiri.

Amayi sanabisale tsiku limene lija. Ankaganiza kuti ali kutali, makamera sangawafike. Anali atatembenuka kutiyang'ana, ine nditagwada pamango paja, ndipo ankaseka, dzanja lili m'njira kupita kukaphimba pakamwa koma lisanafike. Mpata wa dzino lawo lakutsogolo unkaoneka. Chithunzicho chinali chokhakhala pang'ono, poti timadontho ta kamera ya alamu tinali titafika pamapeto pake, koma anali amayi, mmene ankasekera akamationa tikuchita zopusa.

Alamu anapukuta m'maso ndi chipewa. Kenako anati, "Kamera yanu ikanawatulutsa bwino kuposa apa, alamu. Ili ndi mphamvu kuposa yanga, ndakhala ndikudziwa. Mukanangoika kalenzi kakafupi kaja." Sankandiseka, ankangonena zoona. Kalenzi kameneko tsiku lija kanali m'chikwama changa, pansi pa mtengo wa mango.

M'mawa mwake ndinapita kutauni kukatsukitsa, n'kuika mufelemu yamatabwa. Tinakapereka awiri, mlongo wanga ataima pakhomo. Bambo anali pampando wawo pabalaza. Anavala magalasi, anapukuta zikhato pathalauzi monga ankachitira anthu a pamsika kale, n'kulandira ndi manja awiri. Chala chawo chinayenda pagalasi, kuchokera paduku kutsikira patsaya.

Ine, pakamwa posatha kukhala chete, ndinati, "Bambo, mukudziwa kumene tawapeza? Anali m'chithunzi chanu chomwechi, pakona apa pankhokwe. Miyezi yonseyi ali pakhoma pomwepa."

"Ndikudziwa," anatero osadzutsa mutu. "Ndinawaona tsiku lomwe lija patebulo. Iwe ukuganiza kuti ndinasankha cha alamu ako chifukwa cha nsapato? Ndimo mokha mmene tili awiri. Ndikanati ndinene, iwo ali pakhomo ndi tsache, akanachitsitsa n'kukachiponya kudzala. Chimene sindinkadziwa n'chakuti makina anuwa angathe kuwasendeza pafupi."

Alamu anapita kukatenga msomali ndi hamala. Bambo anakana kuti tiwapachikire, anaimirira okha, n'kusankha malo pambali pa chithunzi chawo chija, mafelemu awiri kugundana. Atachipachika anabwerera m'mbuyo pang'ono, anachiwongola, n'kuimirira pamenepo manja ali kumbuyo.

"Mwajambulidwa basi, mayi," anatero. "Kanani tsopano."

Mlongo wanga analowa n'kuwagwira pamkono, ndipo ine ndi alamu tinatuluka panja kuti alire bwino.